GALIMOTO YAKALE IKAMATSOKOMOLA, FUNSANI MAPULAGI

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa achikumbe ndi mafumu a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe

 Masiku ena timakamba za nazale ya fodya, za manyowa, kapena za matenda a ng'ombe. Lero tikamba za chiweto china chimene chalowa m'midzi mwathu, chiweto chosadya msipu, koma chimene chingathe kudya ndalama za mlimi koposa khola lonse la ng'ombe. Ndili kunena galimoto.

Chaka ndi chaka, fodya akagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo, soya ndi mtedza zikachoka m'nkhokwe, alimi ena amabwera kumudzi ndi galimoto. Zimenezi n'zabwino ndithu, pakuti galimoto imatenga feteleza, imatenga mbeu kunka nazo kumsika, ndipo pakati pa usiku ndiyo imathamangira ndi mai wodwala ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete kapena ku chipatala cha Kabudula. Koma tiyenera kukumbukira kuti ambiri a magalimoto amenewa sali atsopano ai. Ena anayenda zaka zambiri ku Japan asanakwezedwe m'sitima ya pamadzi kudzatsikira ku Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Songwe. Ena agwira ntchito ya matola m'tauni kufikira atatopa, ndipo mwini wake waipakitsa penti kuti aigulitse kwa munthu wakumudzi. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono lero ndifuna kukuphunzitsani matenda amodzi a injini, m'mene mungawazindikirire, ndi m'mene mungasiyanitsire nthenda yotsika mtengo ndi nthenda imene ingakugulitseni ng'ombe. Mboni yathu pa mlandu umenewu ndi kanthu kakang'ono kotalika ngati chala, kotchedwa pulagi. Dziwani poyamba kuti nkhaniyi ndi ya injini za petulo. Injini ya dizilo, monga ya lole kapena ya chigayo, iribe mapulagi otulutsa moto otere. Koma njinga yamoto ya mwana wanu wa kabaza ndi pampu ya petulo ya kudimba ziri nao, ndipo zambiri zimene ndinene zikhudza zimenezonso.

M'MENE INJINI IMAGWIRIRA NTCHITO

Munthu sangachize chimene sachidziwa. M'kati mwa injini ya galimoto yaing'ono, monga Toyota Probox, Sienta kapena Corolla, muli zibowo zinai zotchedwa masilinda. M'silinda iriyonse muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika monga munsi mu mtondo. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya wosakaniza ndi petulo. Ikamakwera imapanikiza mpweyawo. Pamenepo pulagi imatulutsa kamoto, mpweya uja umaphulika n'kukankha pisitoni pansi, ndipo mphamvu yoyendetsa galimoto ndi imeneyo. Potsiriza pisitoni imakweranso kutulutsa utsi. Njira imeneyi ya masitepe anai anaikonza bwino ndi Nikolaus Otto wa ku Germany m'chaka cha 1876, ndipo kufikira lero injini zambiri za petulo zitsata yomweyo.

Masilinda anaiwa amagwira ntchito molandizana, monga amai anai osinja mu mtondo umodzi. Pa injini zambiri imayamba yoyamba, kenaka yachitatu, yachinai, n'kutsiriza yachiwiri. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, pulagi iriyonse imayatsa moto ka 1,500 pa mphindiyo. Batire liri ndi mphamvu ya mavoti 12 okha, koma chipangizo chotchedwa koilo chimaikweza mphamvuyo kufika mavoti 20,000 kapena kuposa, kuti kamoto kadumphe pa kampata ka kunsonga kwa pulagi, kampata kosapitirira kwenikweni milimita imodzi.

Tsono kuti silinda iphulike bwino ifuna zinthu zitatu: moto wamphamvu pa nthawi yake, petulo ndi mpweya pa muyeso wake, ndi kupanikiza kokwanira, kumene amakaniko amati kompuresheni. Ziri ngati mafuwa atatu a pamoto. Limodzi likachoka, mphika wagwa.

ZIZINDIKIRO ZA INJINI YODUMPHITSA

Silinda imodzi ikalephera kuphulika pa nthawi yake, amakaniko amati injini ikumisa. Inu mudzazindikira motere. Galimoto itaima, injini iri kulira, thupi lonse la galimoto limanjenjemera, ndipo chiongolero chimagwedezeka m'manja. Mukaima kumbuyo pafupi ndi paipi ya utsi mudzamva kulira kodukiza, monga munthu wa chifuwa. Pokwera chitunda mutasenza matumba, galimoto imakoka modzidzimuka ndi kusowa mphamvu. Petulo amatha msanga, ndipo utsi umanunkha petulo wosapsa. Pa magalimoto a masiku ano nyale yachikasu ya chithunzi cha injini imayaka patsogolo pa dalaivala. Nyale imeneyo ikamaphethira, ndiye kuti kudumphitsako n'kwakukulu. Chepetsani liwiro ndi katundu, ndipo musapitirire ulendo wautali.

Wina adzati, "Bola iri kuyenda, ndidzakonzetsa ndikagulitsa fodya wa chaka cha mawa." Taganizani bwino. Amai anai akamasinja, mmodzi n'kusiya, otsalawo amatopa msanga. Silinda imodzi mwa zinai ikafa, gawo limodzi mwa magawo anai a mphamvu lapita. Komanso petulo wosapsa uja sangotayika chabe. Amatsuka oilo wa m'mbali mwa silinda kotero kuti chitsulo chimakhulana ndi chitsulo chinzake, amatsikira pansi n'kusungunula oilo yense, ndipo wina amakapsera m'chosefa utsi cha pansi pa galimoto, chimene amachitcha catalytic converter, n'kuchiononga. Nthenda imene ikadatha ndi pulagi imodzi imafika pakuti injini yanoka.

KUPEZA SILINDA YODWALA

Musayambe kugula zipangizo musanadziwe silinda imene iri kudwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Imikani galimoto panja, pamalo athyathyathya, mutakoka handibuleki. Musalize injini m'chigafa chotseka kapena m'nyumba, pakuti utsi wa galimoto uli ndi mpweya wakupha wosanunkha. Chenjerani ndi chokupizira ndi malamba a injini, kuti zisakole malaya anu.

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan ali ndi koilo yakeyake pamwamba pa pulagi iriyonse, ndipo koilo iriyonse iri ndi kasoketi ka mawaya ang'onoang'ono. Injini iri kulira pang'onopang'ono, zulani kasoketi ka koilo yoyamba kwa kanthawi kochepa, mumvetsere, n'kubwezera. Ngati injini yagwa mphamvu ndi kunjenjemera koposa kale, silinda imeneyo ndi yamoyo, pakuti mwaichotsera wantchito. Chitani chomwecho ndi yachiwiri, yachitatu ndi yachinai. Imene mwazula koma injini osasintha kulira kwake, imeneyo ndiyo yodwala, chifukwa inali yosagwira ntchito ndi kale. Pa magalimoto akale okhala ndi zingwe zonenepa zopita ku mapulagi, musagwire zingwezo ndi manja injini iri kulira. Magetsi ake amamenya koopsa.

Mutaipeza silinda yodwala, zimitsani injini, ndipo sinthanitsani koilo yake ndi ya silinda yoyandikana nayo. Lizaninso ndi kuyesa monga poyamba. Ngati nthenda yasamuka pamodzi ndi koilo, wolakwa ndi koiloyo, ndipo mugule imodzi yokhayo. Ngati nthenda yatsala pomwepo, sinthanitsani mapulagi. Ikasamuka, wolakwa ndi pulagi. Ikatsalabe, ndiye kuti vuto liri pa petulo wolowa m'silindamo kapena pa kompuresheni. Kuyesa kumeneku sikulira ndalama, koma kwapulumutsa anthu ambiri kugula makoilo anai pamene yakufa inali imodzi.

Amakaniko ena ali ndi kamakina kolumikiza pansi pa chiongolero kowerenga zimene kompyuta ya galimoto yasunga. Kakalemba P0301 ndiye kuti silinda yoyamba iri kudumphitsa, P0302 yachiwiri, P0303 yachitatu, P0304 yachinai. P0300 itanthauza kuti kudumphitsako kuli m'masilinda osiyanasiyana. Koma dziwani kuti kamakinako kamangotchula nyumba imene muli matenda. Sikatchula nthenda yake.

KUMASULA MAPULAGI

Dikirani injini izizire. Mutu wa injini za masiku ano ndi wa chitsulo chofewa cha aluminiyamu, ndipo mazinga ake amaonongeka msanga mukamasula kuli kotentha. Chotsani koilo, ndipo musanalowetse sipanala, unikani ndi tochi m'dzenje la pulagi. Kumbukirani chimene mwaona, kaya ndi louma, kaya muli oilo, kaya muli madzi, chifukwa tibwererako. Pukutani ndi kuuzira fumbi lonse, kuti lisagwere m'silinda. Masulani ndi sipanala yake ya mapulagi, osati ina iriyonse.

Tengani katoni, mubowole mabowo anai, mulembe 1, 2, 3, 4, kuyambira mbali imene kuli malamba a injini. Pulagi iriyonse ikatuluka ilowe pa nambala yake. Mukawasakaniza, mwasokoneza mboni, ndipo mlandu sungaweruzike.

Pobwezera, yambani kumanga ndi zala kufikira pulagi itakhala pansi, kenaka mumalize ndi sipanala mosakakamiza. Pulagi yolowa mopendama imadya mazinga, ndipo kukonza kwake n'kwa ndalama zambiri.

CHIMENE MAPULAGI AMANENA

Tsono yang'anani kunsonga kwa pulagi iriyonse, mbali imene inali m'kati mwa injini.

Ikakhala youma, ya mtundu wa khofi wothira mkaka kapena wotuwa ngati phulusa, silinda imeneyo iri bwino.

Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, wonga wa kunsi kwa mphika, wochoka mukaupukuta ndi chala, ndiye kuti petulo achuluka kapena mpweya uchepa. Kawirikawiri kuno kwathu chifukwa chake ndi fumbi. Misewu yochoka pa tala kulowa m'midzi ya kwa Kabudula ndi ku Nambuma imafuka fumbi kuyambira Ogasiti kufikira mvula itagwa, ndipo sefa ya mpweya imatsekeka msanga. Tsegulani bokosi lake, muiunike ku dzuwa. Ngati kuwala sikupyola, gulani ina. Musayende opanda sefa ngakhale tsiku limodzi, pakuti fumbi lolowa m'silinda limapala chitsulo ngati mchenga, ndipo ndilo limatha maring'i.

Ikakhala yonyowa koma yonunkha petulo, ndipo ikauma yokha pakapita kanthawi, ndiye kuti petulo ali kufika koma moto palibe. Kayikirani koilo kapena pulagi yomweyo.

Ikakhala yoyera mbee, yotupatupa kapena yosungunuka kunsonga, injini iri kutentha koposa muyeso, kapena petulo achepa, kapena pulagiyo si ya injini imeneyo. Zimenezi n'zoopsa, pakuti zimatha kubowola pisitoni.

Ikakhala imodzi yokha yoyera ngati yatsukidwa, anzake ali ndi mtundu wao, ndiponso madzi a mu rediyeta amachepa popanda podontha, ndiye kuti madzi ali kulowa m'silindamo. Gasiketi ya mutu wa injini yapsa.

Nsonga ikakhala yodyeka, yobulungira, kampata katakula, pulagi yangokalamba. Mapulagi wamba amayenda makilomita 20,000 kapena 30,000. A mtundu wa iridium amatha kufika pafupi ndi 100,000. Gulani a nambala yolembedwa m'buku la galimoto yanu. Maina odziwika ndi NGK, Denso ndi Bosch, koma chenjerani, alipo mapulagi achinyengo olembedwa maina omwewo. Mtengo ukatsika modabwitsa, kayikani.

Tsono ikakhala yakuda, yonyowa, yonyezimira ndi yoterera pa chala, yosauma ngakhale muiike padzuwa, ameneyo ndi oilo. Oilo akakuta nsonga ya pulagi, magetsi amathawira m'litsiro limenelo m'malo modumpha pa kampata, ndipo moto suyaka. Apa ndipo pagona nkhani yathu.

OILO WACHOKERA KUTI?

Pulagi siitulutsa oilo yokha. Mukaika yatsopano galimoto idzalira bwino sabata imodzi kapena mwezi, kenaka nthenda idzabwerera. Funso ndi lakuti oiloyo wadzera njira iti, ndipo njirazo ziripo zisanu. Tiyambe ndi zotsika mtengo.

Yoyamba ndi ya kunja. Kumbukirani dzenje lija munaunika ndi tochi. Ngati munali oilo, ndipo pulagi yanyowa kumtunda koyera ndi m'mazinga, koma nsonga yeniyeni iri ndi mtundu wabwino, kondwerani. Oiloyo sali kuchokera m'kati mwa silinda. Wadontha pa gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini, imene yauma ndi ukalamba. Oilo wotere amaononga mphira ya koilo n'kuthawitsa magetsi. Kusintha gasiketiyo ndi timphira take tozungulira maenje a mapulagi ndi ntchito ya maola owerengeka, yosatsitsa injini. Alipo alimi amene analipira ovaholo yonse chifukwa cha gasiketi imeneyi, poti sanaunike m'dzenje.

Yachiwiri ndi oilo wochuluka. Ena amaganiza kuti kuthira oilo wambiri ndiko kukonda galimoto. Solola kandodo koyezera injini itazima, galimoto iri pathyathyathya. Oilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri. Akapitirira cha pamwamba, amathovoka ndi kukankhidwira kumene safunika.

Yachitatu ndi kavalavu kakang'ono ka pa chivundikiro chija, kotchedwa PCV, kamene ntchito yake ndi kutulutsa mpweya wa m'mimba mwa injini. Kakatsekeka, mpweyawo umakankha oilo pa malo onse ofooka. Kakakanirira kotseguka, injini imayamwa nkhungu ya oilo. Pa magalimoto ambiri mukakazula ndi kukagwedeza pafupi ndi khutu, kamoyo kamalira ngati kamwala m'chitini. Kakakhala chete, kasintheni. Mtengo wake ndi wochepa.

Yachinai ndi timphira ta pa mavalavu. Tikauma, oilo wa pamwamba amatsetsereka pang'onopang'ono kulowa m'silinda galimoto itaima usiku. Chizindikiro chake ndi utsi wobiriwira ngati thambo potuluka m'mawa mukangoliza, umene umatha pakapita mphindi zochepa. Umaonekanso mukatsika chitsetso chachitali phazi liri pambali, n'kupondanso mafuta. Nthenda imeneyi ndi yapakati. Galimoto ingathe kugwirabe ntchito mukamayang'anira oilo, kufikira mutapeza ndalama.

Yachisanu ndiyo yaikulu: maring'i. Pisitoni iriyonse yavala mphete zachitsulo zimene zimatseka mpata pakati pa iyo ndi khoma la silinda, ndi kupala oilo kumbwezera pansi. Mphetezi zikatha, kapena zikamatirira ndi litsiro la oilo wosasinthidwa, oilo amakwera n'kumapsa pamodzi ndi petulo. Utsi wobiriwira umatuluka nthawi zonse, makamaka mukaponda mafuta pa chitunda. Mukatsegula chitsekero chothirira oilo injini iri kulira, pamatuluka mpweya wautsi mofufuma. Mankhwala ake ndi kutsegula injini, ndiye ovaholo, kapena kugula injini ina.

Choncho sungani mau awa a utsi. Wakuda ndi petulo wochuluka. Wobiriwira ndi oilo. Woyera wochindikala, wosatha ngakhale injini yatentha, ndi madzi. Koma kautsi koyera ka m'mawa wa mwezi wa Juni kapena Julaye, kotha injini ikafunda, ndi nthunzi chabe. Musaope.

KUYEZA KOMPURESHENI

Musalole munthu kutsegula injini yanu chifukwa chongomvera ndi khutu. Chiripo chida chonga wochi chimene amachimanga pa bowo la pulagi kuyeza mphamvu ya kupanikiza kwa silinda iriyonse. Makaniko woona ali nacho. Amafunditsa injini, amachotsa mapulagi onse, amaletsa petulo ndi magetsi a makoilo, ndipo wina amaponda mafuta mpaka pansi n'kuzunguza injini ndi kiyi. Inu imani pomwepo ndi pensulo, mulembe manambala anai onse.

Manambalawo ayenera kuyandikana. Yotsika isasiyane ndi yokwera koposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Silinda imodzi ikatsika kwambiri, athiremo oilo wokwana supuni yaing'ono ya tiyi, ayezenso. Nambala ikakwera, ndi maring'i, pakuti oilo uja watseka mpata kwa kanthawi. Ikapanda kusintha, ndi mavalavu osatseka bwino kapena gasiketi. Masilinda awiri oyandikana akatsika pamodzi, kawirikawiri gasiketi ya mutu yapsa pakati pao. Manambala onse akakhala abwino pamene pulagi iri ndi oilo, yambani mwafufuza njira zotsika mtengo zija musanavomere ovaholo.

Kuyeza kwina mungachite nokha. Thirani oilo kufika pa chizindikiro cha pamwamba, mulembe makilomita a pa wochi, ndipo muziyang'ana m'mawa uliwonse. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri, pakati pa zizindikiro ziwirizo pali oilo wokwana ngati lita imodzi. Injini yomwa lita yathunthu isanakwanitse makilomita 1,000, popanda podontha pansi, ndi yodwala ndithu.

ZA PETULO NDI MADZI

Masilinda onse akamadumphitsa mosinthanasinthana, ndipo nthenda inayamba tsiku limene munathira petulo, kayikirani petuloyo. Kuyambira m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ethanol inatsegulidwa ku Dwangwa, dziko lathu lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ameneyu alibe choipa pa injini yosamalidwa, koma ethanol amakoka chinyezi. Petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino, makamaka m'dzinja, amatenga madzi. Ambiri mukumbukira kusowa kwa mafuta kwa zaka za 2011 ndi 2012, pamene anthu anazolowera kugula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Petulo wotere simudziwa chimene wathiridwamo, kaya ndi parafini, kaya ndi madzi. Mukakakamizika kugula, thirani pang'ono m'botolo loyera, mulisiye lidekhe. Madzi amakhala pansi, ndipo mudzaona mzere wake.

M'dzinja, mukaoloka madzi pa dambo galimoto n'kuyamba kunjenjemera, kawirikawiri madzi alowa m'maenje a mapulagi. Zimitsani, chotsani makoilo, pukutani ndi nsalu youma. Koma injini ikazima pakati pa madzi akuya, musailize. Ikankheni kaye kumtunda, pakuti madzi sapanikizika, ndipo akakhala m'silinda amapinda zitsulo.

POGULA GALIMOTO

Tsono ndifika pa mau amene ndifuna muwasunge koposa onse. Nthawi yabwino yozindikira matendawa ndi pamene ndalama zikali m'thumba mwanu.

Panganani ndi wogulitsa kuti mudzafika m'mamawa, ndipo asailize galimoto inu musanafike. Pofika, ikani dzanja pa injini. Ikakhala yofunda, funsani chifukwa chake, pakuti utsi wa m'mawa wabisika. Wina alize, inu muli kumbuyo kuyang'ana paipi. Pisani chala m'paipimo injini isanalire. Mwaye wouma pang'ono si kanthu, koma wonona ndi oilo. Solola kandodo. Oilo wolemera ngati uchi angakhale wothiridwa dala kubisa utsi ndi phokoso. Oilo wotuwa ngati tiyi wamkaka ali ndi madzi. Potembenuza kiyi, nyale ya injini iyenera kuyaka, n'kuzima injini ikalira. Ikapanda kuyaka konse, mwina wina waizula.

Pemphani kumasula mapulagi. Akakhala atsopano onse anai pa injini yakale yafumbi, funsani kuti akalewo ali kuti. Yendani nayo ulendo wokwanira, osati kuzungulira msika chabe. Ikwezeni chitunda muli anthu anai, wina ali kuyang'ana utsi kumbuyo, ndipo pobwera, injini itazizira, mumasulenso mapulagi. Makilomita a pa wochi musawakhulupirire kwambiri, chifukwa amabwezeka. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mumlipire ayeze kompuresheni. Wogulitsa wokana kuyeza wakuuzani kale yankho. Musachite manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula.

KWA INU MAFUMU NDI ANYAKWAWA

Inu ndinu amene mumaweruza milandu ikabuka. Mudziwa nokha kuti galimoto yayambanitsa abale, makamaka pamene kalabu ya alimi kapena ana a bere limodzi asonkha ndalama kugula imodzi. Injini ikafa patapita miyezi iwiri, wina amaloza dalaivala, wina amaloza amene anakasankha, ndipo ena amafika ponena kuti galimoto yalodzedwa ndi ansanje. Mlandu wotere ukafika pabwalo panu, musanalole kuti munthu atchulidwe dzina loipa, itanitsani makaniko amasule mapulagi pamaso pa onse ndi kuyeza kompuresheni. Maring'i satha m'sabata imodzi. Pulagi yokutidwa ndi makoko a oilo wopsa iri kuchitira umboni kuti nthendayo ndi yakale.

Langizani anthu anu kuti pogulana galimoto alembe kalata pamaso pa mboni, yonena mtengo, tsiku, manambala a injini ndi a galimoto, ndi matenda amene wogulitsa waulula. Aonenso kuti dzina la m'buku la galimoto ndi la wogulitsayo, ndipo akasinthitse umwini ku ofesi ya Road Traffic. Galimoto ya gulu ikhale ndi kope lake, lolembamo tsiku losintha oilo, sefa ndi mapulagi, ndi makilomita ake. M'misewu yathu yafumbi, kusintha oilo ndi sefa yake pa makilomita 5,000 alionse si kuononga ndalama ai. Ndipo ngati m'mudzi mwanu galimoto iripo imodzi yokha, imene onse amaidalira pa matenda, kumbutsani mwini wake kusunga m'galimotomo sipanala ya mapulagi, tochi, mapulagi awiri abwino, koilo imodzi ndi lita ya oilo. Usiku wa mvula, mai ali m'matenda pakati pa Nsaru ndi chipatala, zinthu zimenezi zidzaposa ndalama za m'thumba.

Tibwereze mwachidule. Injini ikamanjenjemera, pezani kaye silinda yodwala. Sinthanitsani koilo, kenaka pulagi, musanagule kanthu. Unikani m'dzenje musanamasule. Oilo wa kumtunda kwa pulagi ndi gasiketi ya chivundikiro, oilo wa kunsonga ndi wa m'kati. Yang'anani mtundu wa utsi ndi nthawi imene utuluka. Musavomere ovaholo popanda manambala anai a kompuresheni olembedwa ndi dzanja lanu. Ndipo pogula, fikani m'mamawa injini ikali yozizira.

Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka, ndipo mudziwa nokha thukuta lake, kuyambira ku nazale kufikira ku chigafa. Isathere m'paipi ya utsi. Inu amene mwamva, kauzeni anzanu amene alibe wailesi.